Andipatsa njinga ndi jezi, kodi ndisiye kabaza?

Lolemba usiku

Limbani (Kaphatenga): Moni nonse apagulu lathu la opalasa njinga. Pepani ndilemba zambiri, nkhaniyi yandisowetsa tulo masiku atatu. Ena mundikumbukira, ndine mnyamata uja ndinatsogola pachitunda cha ku Mvera ulendo wa mwezi watha. Tsiku limenelo bwana wina yemwe ali ndi malo ogona alendo kunyanja anandiona, ndiye dzana anandiitanitsa. Akuti andipatsa njinga ya mauntini, yakaunjika koma yabwino, ya mabuleki a disiki ndi shoko kutsogolo. Awonjezeranso majezi awiri olembedwa dzina la malo awo, helimeti ndi nsapato. Ine mbali yanga ndi kupita kumipikisano nditavala jeziyo, ndiponso azindijambula zithunzi zoika pa Facebook. Za ndalama sanatchule, ine ndinachita manyazi kufunsa. Mtima ukundiuza kuti ndigulitse njinga yanga ya kabaza, ndalamazo ndizidyera uku ndikuchita pulakatisi tsiku ndi tsiku ngati anzathu akunja aja. Ndili ndi zaka 19. Amayi sindinawauze. Kodi munthu angathe kudyera mumpikisano wa njinga zam'mapiri? Ndithandizeni nzeru.

aBanda amakanika (Kamuzu Road): Mphwanga, ya kabazayo usagulitse. Zinazo tikambirana, koma ndayambira dala pamenepa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Yamikani (Chipoka): Koma akuluakulu, mwayi wotere umabwera kangati? Ambirife timakwera zitunda ndi njinga za giya imodzi, mnzathu wapeza womukhulupirira, inu mukuyamba n'kumubweza. Limbani, mawa lomweli kalandire njingayo.

aBanda amakanika: Sindinati akane. Ndati asagulitse chomwe chikumudyetsa.

Mayi a Tadala (Salima boma): Limbani mwananga, njingayo akuti akukupatsa kapena akukubwereka? Bwanayo anati chani kwenikweni?

Limbani: Anati izikhala ndi ine, mayi.

Mayi a Tadala: Ndiye kuti ndi yawo. Tsiku lomwe mudzasemphane mawu adzatuma mlonda kudzaitenga, iwe n'kutsala manja lende, ya kabaza utagulitsa kale. Ine mpunga ndimagulitsa pangongole kwa anthu a malesitilanti, ndimadziwa mmene mawu apakamwa amasungunukira.

Chikondi (Stellenbosch): Moni akwathu. Ndaona mochedwa, ndinali kuntchito. Ine chino ndi chaka chachisanu ndi chimodzi ndikugwira m'shopu yokonza njinga kuno ku Joni, ndipo anyamata ampikisano amabwera pashopu pathu sabata iliyonse. Tauni ino njinga zam'mapiri ndiye kwawo. Cape Epic, mpikisano wa masiku 8 womwe anthu amapalasa awiriawiri, wakhala ukuchitika m'dera lino la Western Cape kuyambira 2004, ndipo nyengo yake ikafika mu Malichi ife sitipuma. Ndiye Limbani mphwanga, ndikuuze zomwe maso anga aona.

Ndisanabwere kuno ndinkaganiza kuti aliyense wovala jezi yodzaza maina a makampani amalandira malipiro. Ayi ndithu. Olandira malipiro enieni ndi ochepa kwambiri, omwe ali m'matimu a makampani opanga njinga. Tikunena anthu ngati Nino Schurter wa ku Switzerland, yemwe wapalasira timu ya Scott-SRAM zaka zambiri n'kukhala katswiri wa dziko lonse lapansi ka 10, kapena Greg Minnaar wa ku Pietermaritzburg, uja wotsetsereka m'mapiri, yemwe anatenga ukatswiri wa dziko lonse mu 2003, 2012, 2013 ndi 2021. Anthu otere inde, amakhala ndi malipiro, bonasi akapambana, makanika wawo ndi tikiti ya ndege. Pansi pawo pali gulu lalikulu lopatsidwa njinga, masipeyala ndi thiransipoti koma opanda malipiro, ndipo chaka chikatha ambiri njingayo amabweza. Pansi penipeni pali ochuluka koposa, omwe siponsa wawo amangowachotserako mtengo akamagula katundu. Onsewa jezi amavala yokongola mofanana. Ukawaona pa Instagram sungasiyanitse. Koma ine ndimawadziwa, chifukwa wina timagwira naye limodzi pabenchi, wina amaphunzitsa ana kupalasa masana, wina amalipiriridwa ndi makolo.

Yamikani: Nanga mphotho za mipikisano? Ukamawina sungadyere momwemo?

Chikondi: Kwa zaka zingapo, wopambana mpikisano umodzi wa World Cup wa akuluakulu ankalandira 3,750 euro. Ukaisintha m'makwacha ikuoneka yonenepa, koma uyo ndi munthu mmodzi woposa onse padziko tsiku limenelo. Wofika pa nambala 30, yemwe naye ndi katswiri woopsa, amabwerera chimanjamanja atalipira ndege, pogona ndi chakudya ku Ulaya. Ndipo chinthu china, kumipikisano yamumsewu matimu akuluakulu a WorldTour ali ndi lamulo la malipiro ochepetsetsa, oposa 40,000 euro pachaka kwa amuna. Kunjinga zam'mapiri aliyense amakambirana yekha ndi timu yake. Ndalama zambiri zili kumsewu. Ngakhale Alan Hatherly wa konkuno, yemwe mu 2024 anapata mendulo ya bronze ku Olimpiki ya ku Paris n'kukhalanso katswiri wa dziko lonse lapansi pampikisano wa ku Andorra, chaka chotsatira analowa timu yamumsewu ya Jayco AlUla, ngakhale zam'mapiri sanazisiye.

Panonso zinthu zathina. Nthawi ya Covid njinga zinagulidwa ngati mchere, makampani anapanga zambiri, kenako msika unazizira katundu ali mbwee m'mashopu. Kampani ikayamba kuchepetsa ndalama, choyamba kudula ndi timu ya mpikisano. Ndaona anyamata abwino akutha Disembala asakudziwa ngati Januwale adzakhala ndi njinga.

Limbani: Achimwene, mtima wanga wagwa. Ndiye kuti palibe chomwe ndingapite nacho patsogolo?

Chikondi: Sindinatero. Ndafuna udziwe kukula kwa mtsinje usanavule malaya.

Lachiwiri

aBanda amakanika: Mwadzuka bwanji nonse. Chikondi wakamba zakunja, ine ndikambe zapabenchi panga. Limbani, njinga yomwe akukupatsayo imadya kuposa mbuzi. Ya kabaza ikaduka sipoko, ukangofika pamsika uliwonse, kaya pa Khombedza kaya pa Thavite, wapeza. Tcheni chake aliyense amagulitsa. Koma iyo ikakhala ya magiya 11 kapena 12 kumbuyo, tcheni chake muno mu Salima ine sindinachionepo pashelefu. Mpaka Lilongwe, pena mpaka kutumiza uthenga ku Joni. Ndiye mchenga wathu wakunyanjawu umapera tcheni ngati chigayo. Ukachedwa kusintha tcheni chimadya mano a magiya akumbuyo, ndipo pamenepo wagula zonse pamodzi. Mabuleki a disiki amafuna mapadi, akakhala amafuta amafunanso mafuta ake ndi munthu wodziwa kuchotsa mpweya. Shoko imafuna sevisi. Matayala ake limodzi lokha ugula matayala angapo a kabaza. Zonsezi zimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ine ndimachita mantha kuuza kasitomala mtengo. Funso langa kwa bwana wakoyo ndi limodzi: chikatha tcheni agula ndani?

Limbani: Sindinafunse, achimwene.

aBanda amakanika: Kafunse. Njinga zotere ndili nazo zitatu kuseri kwa shopu, eni ake anazisiya chifukwa cha kachitsulo kamodzi kosowa. Imodzi yatha zaka ziwiri itakolekedwa.

Aphunzitsi aMwale (Nkhotakota): Ndawerenga zonse pa nthawi yopuma. Zoona zokhazokha, komabe ndikuopa kuti tingamuthyole mwana mapiko. Limbani, unamvapo za Adrien Niyonshuti wa ku Rwanda? Abale ake ambiri anaphedwa pa zoopsa za mu 1994, ndipo anayamba ndi njinga wamba. Mu 2006 anthu ena a ku America, mmodzi mwa iwo Tom Ritchey wopanga njinga, anakonza mpikisano m'dzikomo, ndipo chaka chotsatira panabadwa Team Rwanda yomwe ankaphunzitsa Jonathan Boyer. Mnyamatayu anapita ku Cape Epic, kenako analembedwa ndi timu ya ku South Africa yothandizidwa ndi MTN. Mu 2012 ananyamula mbendera ya dziko lake ku Olimpiki ya ku London, n'kupikisana pa njinga zam'mapiri. Sanapate mendulo, koma anadyera njinga zaka zambiri, n'kutsegulanso sukulu yophunzitsa ana kupalasa kwawo. Ndiye zimatheka.

Koma ona bwino nkhani yakeyo. Sanakwere yekha. Panali mphunzitsi, panali timu, panali omugulira tikiti, panali boma lomwe linaikonda njinga mpaka mu Seputembala 2025 Kigali inachititsa mpikisano wa dziko lonse wa njinga zamumsewu, koyamba mu Africa muno. Biniam Girmay wa ku Eritrea, yemwe anatenga jezi yobiriwira ya wopambana pa mapointi ku Tour de France mu 2024, anadutsira ku World Cycling Centre, malo ophunzitsira opalasa a UCI, bungwe loyendetsa masewera a njinga padziko lonse, ku Aigle m'dziko la Switzerland. Miyendo yokha sikwanira, pamafunika makwerero. Jezi ya malo ogona alendo ikhoza kukhala sitepe yoyamba, koma si makwerero onse.

Yamikani: Mwandilankhulira, aphunzitsi. Ndipo chomwe chimandipweteka ine ndi ichi: ndalama m'dziko muno zilipo, koma zonse zimathera kumpira. TNM inathandiza Super League zaka zambirimbiri, Airtel inabwera ndi Top 8, FDH inabwera ndi chikho chake. Ife opalasa tilipo ochuluka kuposa osewera mpira, mudzi uliwonse uli ndi njinga, koma palibe wotiyang'ana.

Asisi Grace (Lilongwe, kwathu ku Benga): Yamikani, ndiyankhe ine, chifukwa ntchito yanga ndi imeneyi, ndimakhala mbali yolandira makalata opempha thandizo. Makampani sakonda mpira chifukwa cha chifundo. Mpira uli ndi anthu odzaza bwalo, uli pa wailesi Loweruka ndi Lamlungu lililonse, dzina la kampani limatchulidwa kambirimbiri masana amodzi. Akugula makutu ndi maso a anthu. Siponsa si mphatso, ndi malonda. Makalata ambiri omwe amafika pa desiki panga amayamba ndi "ndine wovutika, ndithandizeni", ndipo ndimamva chisoni, koma bwana wanga sangasaine. Yomwe imadutsa ndi yonena kuti ndidzapita kwakutikwakuti, adzandiona anthu akutiakuti, ndipo inu mudzapindula chakutichakuti.

Ndiye Limbani mchimwene wanga, chotsa manyazi. Bwanayo sanakuitane chifukwa chokumvera chisoni. Waona kuti chithunzi cha mnyamata wakonkuno akutsika phiri nyanja ili kumbuyo chimukokera alendo. Nkhope yako ndi miyendo yako ndi katundu yemwe iye akumufuna. Mukakumana, mulemberane papepala, ngakhale tsamba limodzi lolemba pamanja, aliyense asaine ndi mboni. Palembedwe kuti njingayo ndi ya ndani, ndipo ngati ndi yawo idzakhala yako liti. Palembedwe wogula masipeyala. Palembedwe mipikisano ingati pachaka, ndi wolipira thiransipoti, pogona, chakudya ndi ndalama yolembetsera. Zithunzi zako azigwiritsa ntchito mpaka liti, chifukwa ena mgwirizano umatha koma chikwangwani chili chiimire zaka zisanu. Ndipo ufunse ngati akukuletsa kulandira thandizo kwa ena. Jeziyo ili ndi msana, manja ndi chifuwa. Ngati iwo akupereka njinga yokha, asatseke malo onse.

Limbani: Asisi, ine kukauza bwana kuti tilemberane ndikuona ngati mwano. Sandiona ngati wosayamika?

Asisi Grace: Munthu wa bizinesi sadabwa ndi pepala. Ogona pamalo akepo amawalembera lisiti. Akakwiya chifukwa wapempha kulemberana, wadziwiratu mmene zidzathere.

aBanda amakanika: Ndikuuzeni zanga kuti mumvetse chifukwa chake ndikulimbikira. Ndili mnyamata ndinkapalasa ine, Salima mpaka Nkhotakota ndinkapita n'kubwerera tsiku lomwelo. Kampani ina, dzina ndisatchule, inatisonkhanitsa anyamata asanu kuti tizipalasa m'misika titavala malaya awo pokopa anthu, ndipo pakutha pa miyezi itatu atigulira njinga zampikisano n'kutitumiza kumpikisano. Ndinasiya ganyu yomwe ndinkagwira pagalaja. Tinazungulira Chipoka, Lifuwu, mpaka Dwangwa, dzuwa likuswa mtengo. Miyezi itatu itatha, mkulu yemwe anatilonjeza uja anali atasamutsidwa, wolowa m'malo mwake anati sakudziwapo kanthu, ndipo pepala tinalibe. Ndinatsala ndi malaya awiri. Pagalaja paja anali atalemba kale wina. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umawawa, osati chifukwa cha njingayo, koma chaka chomwe ndinataya ndili pa mphamvu zanga zenizeni.

Mayi a Tadala: Pepani aBanda. Ine nkhawa yanga ndi ina, ndipo palibe waitchula. Mwanayu akagwa? Msewu wa M5 mukuudziwa mmene malole ndi maminibasi amathamangira, ndiye kuphiriko ndi miyala yokhayokha. Akathyoka phewa miyezi iwiri, amayi ake adya chani? Bwanayo adzamuonetsa kuchipatala?

Chikondi: Mayi mwagunda penipeni. Kuno anthu sanaiwale Burry Stander, yemwe anafika pa nambala 5 ku Olimpiki ya 2012 ndiponso anawina Cape Epic kawiri ndi Christoph Sauser. Anagundidwa ndi minibasi mu Januwale 2013 ali pa pulakatisi ku KwaZulu-Natal, n'kumwalira ali ndi zaka 25. Sule Kangangi wa ku Kenya, mtsogoleri wa Team Amani, anamwalira atagwa pampikisano ku Vermont m'dziko la America mu 2022. Sindikufuna kuopseza, koma kuthyoka fupa la paphewa n'kofala kwambiri pamasewerawa. Limbani, helimetiyo uzivala ngakhale pa kabaza, ndipo za chipatala zilowe m'pepala lija.

Thokozani (Dwangwa): Ndakhala chete ndikuwerenga. Limbani ndikukufunira zabwino ndi mtima wonse. Koma ndinene kuti ine ulendo wa ku Mvera womwewo ndinafika wachinayi, anyamata ambiri ndinawasiya m'mbuyo, palibe anandiitana. Ndikapita kukapempha thandizo ena amandifunsa ngati bambo akunyumba akudziwa, wina anandiuza kuti tikakambirane madzulo kumalo omwera. Ndinangotuluka. Njinga yanga ndinagula ndi ndalama za banki m'khonde, matayala ndimagula ndikagulitsa mandasi. Asisi Grace, kwa ife atsikana khomo lili kuti?

Asisi Grace: Thoko mng'ono wanga, wachita bwino kutuluka, ndipo kokambirana za siponsa usamapite wekha, ngakhale masana. Koma ndikuuze zoona, iwe nkhani yako ndi yosavuta kugulitsa kuposa ya Limbani. Mtsikana wa ku Dwangwa wopitirira anyamata pachitunda, makampani ndi mabungwe ambiri akusaka nkhani yotere. Chomwe ulibe ndi umboni. Yamba kusunga zithunzi, nthawi yomwe wapalasa, mtunda, nambala yomwe wafika pampikisano uliwonse. Unditumizire kumbali, ndikuthandiza kulemba kalata.

Chikondi: Ndipo kunjaku akazi pa njinga zam'mapiri ali patsogolo ndithu. Ku World Cup mphotho ya akazi ndi amuna ndi yofanana, ku Cape Epic chimodzimodzi. Pauline Ferrand-Prévot wa ku France atawina golide ku Paris mu 2024 phiri lonse linagwedezeka ndi anthu. Usafooke.

Lachitatu

Che Saidi (Senga Bay): Salaam aleikum, moni nonse. Ine mpikisano sindiudziwa, koma njinga yandidyetsa zaka zambiri mwanjira ina. Ndimaperekeza alendo. Mzungu kapena wa ku Lilongwe akabwera kunyanja, tsiku loyamba amasambira, lachiwiri wakwera boti, lachitatu watopa nako kukhala pamchenga. Ndimawatenga panjinga kudutsa m'midzi, kuminda ya mpunga cha ku Lifuwu, pena ku Kuti kukaona mbidzi. Ulendo umodzi wa m'mawa umandipatsa zomwe wakabaza amapeza masiku angapo, kungoti si tsiku lililonse, ndipo nthawi ya dzinja kumakhala zii. Limbani mwanangu, bwana wakoyo ali ndi alendo, iwe uli ndi miyendo ndipo njira zonse ukuzidziwa. M'malo momupempha malipiro a pamwezi, omwe ndikuona kuti akana, mupemphe kuti alendo ake ofuna kupalasa uziwaperekeza iwe, azikulipira pa ulendo. Pamenepo iye sakutaya kanthu, akuwonjezera chogulitsa. Chizungu chako chili bwanji?

Limbani: Ndinalekezera Fomu 3, Che Saidi. Ndimamva, kuyankha ndiye ndimachita chibwibwi.

Che Saidi: Chimenecho chimabwera ndi kuyankhula. Ubwere Lamlungu uzanditsatire ulendo umodzi, uone mmene ndimachitira. Uphunzirenso kumata chubu mofulumira ndi kulumikiza tcheni panjira, chifukwa mlendo njinga ikafa pakati pa tchire amayang'ana iwe.

aBanda amakanika: Zimenezo ndimuphunzitsa ine, azibwera madzulo. Ndipo ndinene, makanika wodziwa njinga za magiya ndi mabuleki amafuta m'boma lino ndi wosowa. Chikondi ku Joni akudyera sipanala, osati mendulo.

Yamikani: Koma abale, tayamba ndi mnyamata wofuna kukhala katswiri, tikumaliza ndi woperekeza alendo ndi makanika. Si kumuchepetsa kumeneku? Mapanga awiri avumbwitsa. Akamagwira kabaza m'mawa, masana alendo, madzulo sipanala, pulakatisi achita liti? Anzake akunja amangodya, kugona ndi kupalasa.

Aphunzitsi aMwale: Funso lako ndi lolemera, Yamikani, sindilipeputsa. Zoona, kabaza amalimbitsa miyendo koma si pulakatisi. Kunyamula thumba la chimanga pang'onopang'ono tsiku lonse kumatopetsa thupi osaliphunzitsa liwiro. Mpikisano wa mtundu wa ku Olimpiki, womwe unalowa m'masewerawo mu 1996 ku Atlanta, umatenga pafupifupi ola limodzi ndi theka, munthu akupalasa mtima uli m'khosi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kukwera ndi kutsika pamiyala ndi mizu. Zimenezo zimafuna masiku ake apadera ndi masiku opuma. Ndiye ine ndingati achepetse kabaza, osati kusiya. Masiku atatu kapena anayi pasabata agwire ntchito, masiku awiri akwere mapiri, tsiku limodzi apume ndithu.

Mwayi tili nawo ndi malo. Kunyanja kuno tili pansi, mamita pafupifupi 500, pomwe Lilongwe ili pamwamba kupitirira mamita 1,000. Aliyense wochoka ku Salima kulowera ku Dowa, kapena wochoka kuno ku Nkhotakota kukwera ku Ntchisi, kapena wokwera msewu wokhotakhota wa ku Golomoti, ali ndi chitunda chomwe ena amachilipirira ndege. Chomwe tikusowa ndi mipikisano yoti munthu adziyeze. Limbani sanapikisanepo ndi anthu a ku Mzuzu kapena ku Blantyre. Kutsogola pagulu lathu ndi chiyambi chabe. Apite kaye kumipikisano ya m'dziko muno, monga uja wa ku Luwawa m'mapiri a Viphya, alembetse ku Cycling Federation of Malawi kuti akhale ndi laisensi, chifukwa popanda laisensi ya bungwe la dziko lako mipikisano ya UCI sulowa. Akakawina kumeneko chaka chino ndi chamawa, nkhani yosiya kabaza tidzaikamba ndi manambala m'manja.

Yamikani: Apo ndavomera, ngakhale mtima ukanakonda atangodumphira. Zaka 19 si zochepa pamasewerawa.

Chikondi: Si zochepa, n'chifukwa chake zaka ziwiri zikubwerazi asazitaye. Limbani, foni yako ili ndi GPS? Ika Strava, pulogalamu ya pafoni yosunga mtunda ndi nthawi yomwe wapalasa, uzijambulitsa ulendo uliwonse. Mphunzitsi wakunja sangabwere ku Kaphatenga kudzakuona, koma ukamutumizira kuti chitunda chakuti unakwera mphindi zakuti, amadziwa kuwerenga. Kufupi ndi kuno, ku Paarl, kuli nthambi ya Africa ya World Cycling Centre, ndipo achinyamata amafikako kudzera m'mabungwe a mayiko awo. Kunonso ku Kayamandi kuli pulogalamu ya songo.info yomwe yatulutsa ana a m'makomboni mpaka kukapalasa Cape Epic. Zinayamba ndi anthu ochepa ngati gulu lathuli.

Mayi a Tadala: Zonsezi ndi zabwino, koma amayi ako uwauze lero. Asamve kwa anthu kuti mwana wawo ali pa Facebook ya azungu.

Lachisanu madzulo

Limbani: Moni nonse. Ndabwera kudzapereka lipoti. Amayi ndinawauza Lachitatu usiku. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati bola njinga ya malemu bambo isagulitsidwe. Sindinakuuzeni kuti ya kabazayo inali ya bambo anga. Ndinachita manyazi kuti ndinaganizako zoigulitsa.

Lero ndinapita kwa bwana uja ndi amalume, nditalemba mafunso a asisi Grace kuseri kwa kope. Sanakwiye. Anaseka n'kunena kuti sanayembekezere, kenako anaitana wa muofesi kuti alembe. Malipiro a pamwezi akana, akuti bizinesi sikuyenda bwino. Avomera kuti njinga idzakhala yanga ndikatha nawo miyezi 12. Avomera tcheni, mapadi ndi matayala kawiri pachaka, zoposa apo ndi zanga. Mipikisano alipira itatu, thiransipoti ndi kulembetsa, koma pogona ndidzionere. Alendo avomera kuti ndiziwaperekeza Loweruka, tizigawana ndalama ya ulendo. Kumsana kwa jezi ndi kwawo, m'manja andilola kuika dzina la wina. Za chipatala ati akaganize, ndiye pamenepo sitinalembe kanthu, ndipo amalume anati tisasaine mpaka ayankhe Lachiwiri.

Asisi Grace: Amalume ako achita bwino. Ujambule pepalalo unditumizire ndiliwerenge usanasaine. Uonetsetse kuti tsiku loyambira ndi lothera alemba, ndiponso nambala ya pa fulemu ya njingayo.

Mayi a Tadala: Dzanja limodzi la jeziyo ndalitenga ine. Ndalama ndilibe, koma mpunga wa kilombero makilogalamu 10 mwezi uliwonse ndikupatsa, ndi mazira sabata ya mpikisano. Thokozani, nawenso chimodzimodzi, undiuze basi yomwe ndingatumizire ku Dwangwa. Asisi Grace mutilembere kapepala ifenso.

Thokozani: Mayi, ndalira. Zikomo kwambiri.

Chikondi: Pashopu pano matayala omwe anyamata ampikisano amachotsa akadali ndi moyo timangowaunjika. Ndapempha abwana, andilola kutenga anayi ndi matcheni awiri. Pali mnzanga akubwera pa basi kumapeto kwa mwezi, atsikira ku Lilongwe. Limbani ndi Thoko, ndiuzeni saizi ya mawilo, 27.5 kapena 29, ndi magiya angati kumbuyo, ndisatumize zosalowa.

Limbani: Ndikayang'ana Lachiwiri, achimwene, sindinawerenge magiya.

Thokozani: Yanga ndi 26, magiya 9.

Chikondi: Za 26 zayamba kusowa kuno, koma ndifunsa kushopu ina ya ku Somerset West.

Aphunzitsi aMwale: Pogona pa mpikisano wa kumpoto musadandaule, ndili ndi mlamu wanga ku Mzimba, ndiyankhula naye.

aBanda amakanika: Mawa ulendo ulipo monga mwa nthawi zonse. Tikumana pa Kamuzu Road 5 koloko m'mawa, tikwera mpaka Mvera, pobwerera tidzera njira yafumbi. Yamikani ubwere ndi wotchi, tiyambe kulemba nthawi ya Limbani kuyambira pamlatho mpaka pamwamba. Aliyense atenge madzi mabotolo awiri, kwatentha. Limbani ufike ndi ya kabazayo, ndiione mabuleki tisananyamuke.